Mmene Mungadziwire Zimene Kusintha kwa Nyengo Kukuchita pa Mtsinje ndi Chigwa Chake

Munthu amene wakhala pafupi ndi mtsinje kwa zaka zambiri sasowa womuuza kuti mtsinjewo wasintha. Amaona yekha kuti mwala umene kale unkamira chaka chonse tsopano umakhala poyera kwa miyezi inayi, ndiponso kuti madzi osefukira amafika modzidzimutsa, ali ofiira ndi matope, n'kuphwera pasanathe masiku awiri. Chimene maso paokha sangamuuze ndi kuchuluka kwa madzi amene achepa, kumene apita, komanso ngati gwero la vutolo ndi kusintha kwa nyengo kapena zochita za anthu okhala kumtunda. Mayankho ake amapezeka powerengetsa madzi olowa ndi otuluka m'chigwa cha mtsinjewo. Ntchitoyi siifuna zipangizo zodula poyamba. Imafuna kuleza mtima ndi kulemba mokhulupirika.

Yambani ndi malire a chigwa

Mawu akuti chigwa pano akutanthauza dera lonse limene dontho la mvula likagwapo limatsetserekera kumtsinje umodzi. Malire ake satsata malire a maboma kapena a mayiko, koma amatsata misana ya mapiri ndi zitunda, pamene madzi amagawikana, ena kulowera uku ena kulowera uko. Sankhani malo amodzi pamtsinje pamene mudzayezerapo madzi, monga pamlatho, ndipo pamapu oonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka jambulani mzere kuchokera pamalopo, kutsata pamwamba pa zitunda, mpaka mutazungulira magwero onse n'kubwerera pomwe munayambira. Pulogalamu yaulere ya QGIS imatha kujambula malire amenewa pakompyuta ndi kukuuzani kukula kwa deralo m'masikweya kilomita. Nambala imeneyi muisunge bwino, chifukwa masamu onse otsatira atsamira pa iyo. Chenjezo n'lakuti m'madera a miyala ya laimu, momwe muli mapanga ndi ming'alu yambiri, madzi a pansi pa nthaka amatha kudutsa pansi pa chitunda n'kukatulukira m'chigwa china, choncho malire a pamwamba ndi a pansi sagwirizana nthawi zonse.

Mtsinje ndi zotsala

Mfundo imene ndikufuna kuti ikhazikike m'maganizo mwanu ndi iyi: mtsinje sulandira mvula yonse, umalandira zimene zatsala. Mvula ikagwa m'chigwa, gawo lina limabwerera kumwamba ngati nthunzi, kuchokera panthaka, pamadzi oonekera ndiponso kudzera m'masamba a zomera. Gawo lina limasungidwa m'nthaka, m'madambo, m'madamu ndi m'miyala ya pansi. Ndipo chimene chapulumuka pa zonsezi ndicho chimadutsa pansi pa mlatho wanu. Mvula, motero, ndi yofanana ndi nthunzi yokwera, kuphatikiza madzi a mumtsinje, kuphatikiza kusintha kwa madzi osungidwa. Padziko lonse lapansi, pafupifupi magawo atatu mwa magawo asanu a mvula yogwa pamtunda amabwerera kumwamba osafika n'komwe kunyanja, ndipo m'madera otentha ndi ouma gawo lobwereralo limaposa magawo asanu ndi anayi mwa khumi.

Kuti masamu ayende, zonse ziwerengedwe m'mamilimita. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi, ndipo pa sikweya kilomita imodzi ndi makyubiki mita 1,000. Tiyeni tiyerekeze chigwa cha masikweya kilomita 100 chimene chimalandira mamilimita 1,000 pachaka, pomwe mamilimita 800 amakwera ngati nthunzi. Mtsinje umatsala ndi mamilimita 200, omwe ndi makyubiki mita 20 miliyoni pachaka, kapena pafupifupi makyubiki mita 0.63 pasekondi iliyonse. Tsopano mvula itsike ndi 10 peresenti yokha, ifike pa mamilimita 900. Mitengo ndi udzu sizichepetsa kumwa kwake molingana ndi kuchepa kwa mvulako, pakuti mizu ndiyo imayamba kutunga mtsinje usanalandire kanthu. Tinene kuti nthunzi yatsika pang'ono kufika pa 760. Mtsinje watsala ndi 140, kutanthauza kuti wataya 30 peresenti. Ngakhale mvula itakhala chimodzimodzi, koma kutentha n'kukweza nthunzi ndi 4 peresenti, kuchoka pa 800 kufika pa 832, mtsinje utsika kufika pa 168, kutaya 16 peresenti popanda dontho limodzi la mvula kusowa.

Manambala amenewa ndi ongoyerekeza, koma khalidwe limene akuonetsa ndi lenileni. Kumwera chakumadzulo kwa Australia mvula yakhala yochepa ndi 15 mpaka 20 peresenti kuyambira m'ma 1970, koma madzi olowa m'madamu a mzinda wa Perth anatsika ndi kuposa theka, mpaka mzindawo unatsegula fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja mu 2006. Ku America, Bradley Udall ndi Jonathan Overpeck anapeza mu 2017 kuti pakati pa 2000 ndi 2014 mtsinje wa Colorado unkanyamula madzi ochepa ndi 19 peresenti poyerekeza ndi avereji ya 1906 mpaka 1999, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchepako linabwera chifukwa cha kutentha, osati kusowa kwa mvula. N'chifukwa chake ndimada nkhawa munthu akamati, "Mvula ya chaka chino inali yabwino, madzi sativuta." Mvula ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi.

Kuyeza mvula

Chipangizo choyezera mvula chiikidwe pabwalo, kukamwa kwake kuli kolunjika bwino, kutali ndi nyumba kapena mtengo mtunda wosachepera kuwirikiza kawiri kutalika kwa chinthucho. Chiwerengedwe nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, ndipo tsiku limene mvula sinagwe mulembe 0, pomwe tsiku limene simunawerenge musiye chizindikiro china. Zinthu ziwirizi zikasokonezedwa m'kaundula, chaka chimene woyeza anadwala mwezi wathunthu chimadzaoneka ngati chaka cha chilala. Ndinayenderapo malo ena pomwe manambala ankasonyeza kuti mvula yakhala ikutsika chaka ndi chaka, pamene malo oyandikana nawo sankasonyeza zimenezo. Titafika tinapeza kuti kamtengo kamene kanabzalidwa pafupi ndi chipangizocho kanakula, nthambi zake zafika pamwamba pa kukamwa kwa chipangizo, ndipo m'kati munali masamba ofota ndi ukonde wa kangaude. Woyezayo sanaphonye tsiku ndi limodzi lomwe. Ankalemba mokhulupirika mvula imene mtengo unamusiyira.

Chipangizo chimodzi sichingaimire chigwa chonse, makamaka ngati muli mapiri, chifukwa kumtunda kumagwa mvula yambiri kuposa kumunsi. Mukakhala ndi zingapo, patsani chilichonse gawo la chigwa limene lili pafupi nacho, njira imene Alfred Thiessen anaifotokoza mu 1911, kenaka muwerengetse avereji molingana ndi kukula kwa magawowo. Kumene zipangizo zili zochepa, manambala a CHIRPS, amene amaphatikiza zithunzi za setilaiti ndi zoyeza zapansi kuyambira 1981, amapezeka kwaulere pa intaneti, koma muwayerekeze kaye ndi chipangizo chanu musanawakhulupirire.

Musakhutire ndi chiwerengero cha pachaka. Kusintha kwa nyengo kumaonekera kwambiri m'kagwedwe ka mvula kuposa m'kuchuluka kwake. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri la United Nations lounika za kusintha kwa nyengo, limene linati dziko linali litatentha kale ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900, linanenanso kuti mvula yamphamvu kwambiri imawonjezeka ndi mlingo wonga womwewo pa digiri iliyonse, pomwe mvula yonse ya padziko imakwera pang'ono chabe. Zotsatira zake n'zakuti m'madera ambiri madzi ofanana amagwa m'masiku ochepa, ndipo pakati pake pamakhala ng'amba. Mamilimita 100 ogwa ngati mvumbi wa masiku asanu amalowa pansi n'kudzatuluka pa kasupe miyezi ikubwerayo, koma mamilimita 100 omwewo akakhuthuka m'maola awiri amaposa mphamvu ya nthaka yomwera madzi, amathamanga pamwamba, amakumba makwawa, ndipo pofika mawa lake ali kale kutali. Choncho chaka chilichonse werengani masiku amene mvula inagwa, mvula yaikulu ya tsiku limodzi, ng'amba yaitali kwambiri m'kati mwa dzinja, ndiponso tsiku limene mvula inayamba ndi limene inaleka.

Madzi amene saoneka akamachoka

Nthunzi ndiyo imatenga gawo lalikulu, koma ndiyonso yovuta kuyeza. Pano muyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi ludzu la mpweya, kapena kuti madzi amene dzuwa, kutentha, mphepo ndi kuuma kwa mpweya zikanatha kukweza kukanakhala kuti madzi alipo osatha. Chachiwiri ndi madzi amene akweradi, omwe sangapose amene ali m'nthaka. M'nyengo yamvula ziwirizi zimayandikana, koma m'chilimwe ludzu la mpweya limakhala lalikulu pamene nthaka ilibe chopereka. Anthu ambiri oyamba kumene amachotsa ludzu la mpweya pa mvula ya chaka chonse, n'kupeza nambala yotsika kuposa 0, ndipo amadabwa poona mtsinje ukuyendabe.

Ludzu la mpweya lingayezedwe ndi beseni lachitsulo lotchedwa Class A, lomwe kukamwa kwake ndi masentimita pafupifupi 121 ndipo kuya kwake ndi masentimita 25. Mumayeza mmene madzi atsikira tsiku lililonse, kuwonjezerapo mvula imene yagweramo, n'kuchulukitsa ndi 0.7 kapena pafupi pamenepo, popeza beseni limatentha kuposa nthaka ndi udzu. Beseni lotere limafuna mpanda, chifukwa mbalame ndi ziweto zikamwamo zimalembedwa ngati dzuwa. Ngati muli ndi manambala a kutentha, chinyezi cha mumpweya, mphepo ndi kuwala kwa dzuwa, njira ya masamu ya Penman-Monteith, monga mmene bungwe la FAO linaikonzera mu 1998, ndiyo yodalirika koposa. Ngati muli ndi kutentha kwapamwamba ndi kwapansi kwa tsiku kokha, njira ya Hargreaves ikuthandizani. Ndikulangiza kusamala ndi njira zodalira kutentha kokha mukamayerekeza za m'tsogolo, chifukwa zimakonda kukokomeza kuuma. Sizidziwa za mitambo kapena mphepo, ndiponso sizidziwa kuti mpweya wa kaboni ukachuluka timabowo ta m'masamba timatseka pang'ono n'kuchepetsa madzi otayika.

Kuti mupeze madzi amene akweradi, yendetsani masamu mwezi ndi mwezi, poganizira nthaka ngati ndowa yokhala ndi malire. Mwezi uliwonse thiranimo mvula, chotsanimo zimene mpweya ukufuna malinga ngati m'ndowamo muli madzi, ndipo zimene zasefukira ndowa itadzaza ndizo zimapita kumtsinje ndi kumadzi a pansi. Njira imeneyi, imene akatswiri Thornthwaite ndi Mather anaifalitsa m'ma 1950, ingachitike pa pepala kapena pa Excel. Ubwino wake ndi wakuti imakuonetsani ndi maso anu chifukwa chimene mvula yoyamba siidzutsa mtsinje: ndowa imayenera kudzaza kaye, ndipo chilimwe chikatentha ndi kutalika, ndowayo imayamba dzinja ili youma kwambiri, motero mtsinje umachedwa kudzuka.

Kuyeza mtsinje weniweniwo

Sankhani malo owongoka, pomwe madzi amayenda mumsewu umodzi nyengo zonse, makamaka pomwe pansi pali thanthwe losasuntha. Zikani thabwa kapena chitsulo cholembedwa masentimita, ndipo mlingo wake muulumikize ku chizindikiro chokhazikika cha pamtunda, monga msomali wokhomedwa pathanthwe, kuti thabwalo likadzakokoloka mudzathe kuzika lina pamlingo womwewo. Kuwerenga thabwa kumakupatsani kukwera kwa madzi basi, osati kuchuluka kwake. Kuti mudziwe kuchuluka muyenera kuchulukitsa kukula kwa msewu wa madzi ndi liwiro lake.

Tambasulani chingwe kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo, muyeze kuya pa mita iliyonse ndi ndodo. Tinene kuti mtsinje ndi wotambalala mamita 6 ndipo avereji ya kuya ndi theka la mita. Msewu wa madzi ndi masikweya mita 3. Kenaka yezani mamita 20 motsata gombe, ponyani botolo lokhala ndi madzi pang'ono kuti limire theka n'kupewa kukankhidwa ndi mphepo, ndipo muliponye chakumtunda kwa poyambira kuti likamadutsa pamzere likhale litatenga kale liwiro la madzi. Likatenga masekondi 40, liwiro la pamwamba ndi theka la mita pasekondi. Popeza madzi a pansi ndi a m'mphepete amachedwa chifukwa chokhulana ndi miyala, chulukitsani ndi 0.85, kapena 0.8 ngati pansi pali miyala yambiri. Yankho ndi makyubiki mita pafupifupi 1.3 pasekondi. Bwerezani kasanu, pakati ndi chakumphepete, ndipo botolo likakodwa m'bango musawerengere ulendo umenewo. Musalowe m'madzi othamanga amene afika pamwamba pa mawondo. Pa nthawi yotero yezerani pamlatho.

Mukachita zimenezi pa milingo yosiyanasiyana, madzi ali ochepa, ali pakatikati ndiponso ali ambiri, mumajambula mzere wolumikiza nambala ya pathabwa ndi kuchuluka kwa madzi, ndipo kuyambira pamenepo kuwerenga thabwa m'mawa ndi madzulo kumakwanira. Koma mzerewu sukhalitsa pamtsinje wamchenga. Chigumula chimodzi chikhoza kuunjika mchenga n'kukweza pansi pa mtsinje ndi masentimita 30, ndipo thabwa lidzasonyeza madzi ambiri pamene kwenikweni ndi mchenga umene wachuluka. Muyezenso pambuyo pa kusefukira kulikonse kwakukulu. Pomaliza sandutsani zonse kukhala mamilimita: chulukitsani avereji ya pachaka ya makyubiki mita pasekondi ndi 31,536, n'kugawa ndi masikweya kilomita a chigwa.

Madzi osungidwa

Mtsinje umene ukuyenda patapita miyezi inayi chilekere mvula ukudyetsedwa ndi madzi a pansi pa nthaka. Kuti muone mmene nkhokwe imeneyi ikusinthira, yezani kuya kwa madzi m'zitsime zingapo zosatungidwa kwambiri, tsiku lofanana mwezi uliwonse, m'mawa anthu asanayambe kutunga. Pofuna kuti kusintha kwa nkhokwe kusasokoneze masamu a pachaka, musayambe chaka chanu mu Januwale chifukwa cha kalendala, koma muchiyambe kumapeto kwa chilimwe, pamene nthaka ndi mtsinje zili pamlingo wotsikitsitsa. Pa zigwa zazikulu kwambiri, masetilaiti a GRACE, amene anayamba ntchito mu 2002 ndipo analowedwa m'malo ndi GRACE-FO mu 2018, amayeza kusintha kwa madzi onse osungidwa poona kusintha kwa mphamvu yokoka ya dziko, koma saona tizigwa tating'ono.

M'mayiko ozizira ndi m'mapiri aatali nkhokwe yaikulu ndi chipale chofewa ndi madzi oundana. Kumeneko kutentha kumasintha nthawi ya madzi ngakhale kuchuluka kwake kusanasinthe: chimene chikanagwa ngati chipale n'kudikira chimagwa ngati mvula n'kupita nthawi yomweyo, chipale chotsalacho chimasungunuka msanga, ndipo miyezi yotentha, pamene minda ikufuna madzi, mtsinje umakhala utatsika. Mitsinje yodalira madzi oundana a m'mapiri, monga Indus wa ku Asia, ikhoza kuyamba yachulukira madzi kwa zaka zingapo pamene madzi oundanawo akusungunuka, koma kuchuluka kotero ndi kudya mbewu yosungira, ndipo pambuyo pake madzi amatsika.

Kusiyanitsa nyengo ndi zochita za anthu

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, ndipo ndikuona kuti ndi pofunika kukhalitsapo. Zaka zisanu za madzi ochepa si umboni wa kusintha kwa nyengo. Bungwe la World Meteorological Organization limagwiritsa ntchito zaka 30 pofotokoza nyengo ya malo, ndipo panopa zaka zoyerekezera ndi 1991 mpaka 2020, chifukwa zinthu monga El Niño ndi La Niña zimabweretsa zaka zouma ndi zonyowa mosinthanasinthana. Ngati kaundula wanu ndi wamfupi, funani manambala akale ku nthambi za boma zoona za madzi ndi zanyengo, kapena ku Global Runoff Data Centre ya ku Koblenz m'dziko la Germany, imene imasunga manambala a mitsinje ya m'mayiko ambiri. Kuopsa kodalira zaka zochepa kunaoneka pa mtsinje wa Colorado womwe uja: pangano la 1922 linagawa madzi ake potengera zaka zimene zinali zonyowa mwapadera, motero linalonjeza madzi oposa amene mtsinjewo umakhala nawo nthawi zambiri, ndipo kutentha kutawonjezera pa vutolo, mu 2022 Lake Mead, nyanja yopangidwa ndi damu pamtsinjewo, inatsika kufika pamlingo umene inali isanafikepo chiidzazireni m'ma 1930.

Mukakhala ndi zaka zokwanira, chitani zinthu zitatu. Gawani madzi a mumtsinje ndi mvula ya chaka chilichonse kuti muone gawo la mvula limene limafika kumtsinje, ndipo muone ngati gawolo likukwera kapena kutsika. Kenaka jambulani mzere wa mvula yowonjezerana chaka ndi chaka moyang'anizana ndi madzi a mumtsinje owonjezerananso chimodzimodzi. Mzerewo ukathyoka mwadzidzidzi pa chaka china, funsani chimene chinachitika chaka chimenecho, pakuti damu latsopano, minda yothirira, kudulidwa kwa nkhalango kapena kusunthidwa kwa thabwa zimathyola mzere mwadzidzidzi, pamene kutentha kumaupinda pang'onopang'ono. Chachitatu, yerekezani chigwa chanu ndi china chapafupi chimene anthu sanachikhudze kwambiri. Ngati zonse ziwiri zikutsika mofanana, nyengo ndiyo yoyamba kuiganizira. Ngati chanu chokha ndicho chikutsika, yankho lili m'kati mwa malire amene munajambula aja. Njira ya masamu ya Mann-Kendall, imene imapezeka m'mapulogalamu ambiri aulere, ikuuzani ngati kutsikako n'kwenikweni kapena n'kwamwayi chabe.

Zimene mungapeze nthawi zina zimatsutsana ndi zimene mumayembekezera. Ku Sahel, dera louma la kumwera kwa chipululu cha Sahara, pa zaka za chilala choopsa cha m'ma 1970 ndi 1980, mitsinje ina inayamba kulandira gawo lalikulu la mvula kuposa kale ngakhale mvula inachepa, chifukwa zomera zitafa nthaka inauma gwa pamwamba n'kuleka kumwa madzi. Madzi ochuluka mumtsinje, pamenepo, anali chizindikiro cha nthaka yodwala. Nkhani ya mitengo nayonso imafuna kunenedwa mosapsatira. Akatswiri Bosch ndi Hewlett atasonkhanitsa zotsatira za zigwa zoyesera 94 mu 1982, anapeza kuti kudula nkhalango kumachulukitsa madzi a pachaka mumtsinje, ndipo kubzala mitengo yambiri yokula msanga kumawachepetsa, chifukwa mitengo imamwa. Ndicho chifukwa chake South Africa inayambitsa ntchito ya Working for Water mu 1995 yochotsa mitengo yachilendo yofalikira m'zigwa. Izi sizikutanthauza kuti nkhalango ndi mdani wa mtsinje. Nkhalango yachilengedwe imasunga nthaka yofewa imene imamwa mvula yamphamvu, imachepetsa matope, ndipo kumene nthaka inawonongeka kwambiri, kuibwezeretsa kungathandize madzi a m'chilimwe. Chofunika ndi kufunsa funso lolondola: kodi tikufuna madzi ambiri pachaka, kapena madzi oyera amene amafika pa nthawi yake?

N'chifukwa chake chiwerengero cha pachaka chisakhale chomaliza. Sanjani manambala a tsiku ndi tsiku kuyambira aakulu mpaka aang'ono, ndipo mupeze mlingo umene mtsinje umaufika kapena kuupitirira pa masiku 95 mwa masiku 100 alionse. Umenewu ndiwo mlingo wa nthawi yovuta, umene mipope ya m'mizinda, nsomba ndi minda yothirira zimadalira. Muuwerengetse pa zaka 15 zoyambirira ndi zaka 15 zomaliza paderapadera. Kawirikawiri mudzapeza kuti avereji yasuntha pang'ono, koma madzi a nthawi yovuta atsika kwambiri pamene madzi osefukira akwera.

Kuyang'ana kutsogolo

Mu 2008 gulu la akatswiri motsogozedwa ndi Christopher Milly linalemba m'magazini ya Science kuti mfundo imene akatswiri omanga madamu ndi milatho ankaidalira, yakuti zam'tsogolo zidzakhala m'malire a zakale, siingagwirenso ntchito. Kwa inu izi zikutanthauza kuti kaundula wakale ndi poyambira, osati lonjezo. Makompyuta oyerekeza nyengo amagwirizana kuti kutentha kukwera, koma m'madera ambiri amasiyana pa za mvula, ena kunena kuti idzachuluka ena kuti idzachepa. Musasankhe kompyuta imodzi imene yakukomerani. Njira yanzeru ndiyo kutenga masamu a ndowa aja, kapena pulogalamu ya pakompyuta yoyerekeza kayendedwe ka madzi monga SWAT kapena WEAP mutaiyesa kaye ngati ikutha kubwereza zaka zimene munayeza, n'kuisintha dala: wonjezerani madigiri 2, chepetsani mvula ndi 10 peresenti, kenaka muichulukitse ndi 10 peresenti, ndiponso muike zaka zitatu zouma motsatizana. Cholinga si kulosera chaka chakutichakuti, koma kupeza pamene damu, mpope kapena munda wanu umayambira kulephera, ndi kuona ngati pamenepo pali pafupi kapena patali.

Poyesa zaka zouma zotsatizana musaganize kuti mvula ikabwerera mtsinje ubwerera nawo nthawi yomweyo. Chilala chachitali cha kumwera chakummawa kwa Australia chitatha cha m'ma 2010, kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zigwa za m'chigawo cha Victoria linali lisanabwerere mwakale patapita zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri; mvula yofanana ndi yakale inkabala madzi ochepa. Choncho pogawa madzi pakati pa ogwiritsa ntchito, ndi bwino kugawa magawo a madzi amene alipo chaka chimenecho kusiyana ndi kulonjeza chiwerengero chokhazikika, ndiponso kusiyiratu gawo la mtsinje weniweniwo kuti usaume.

Kumbali ya madzi osefukira, mawu akuti chigumula cha kamodzi pa zaka 100 amasocheretsa anthu ambiri. Satanthauza kuti chikabwera chaka chino tapuma zaka 99. Amatanthauza mwayi umodzi mwa 100 chaka chilichonse, ndipo pa zaka 30 mwayi woti chifike kamodzi kapena kuposerapo ndi pafupifupi 26 peresenti, ngakhale nyengo isanasinthe. Mvula yamphamvu ikamawonjezeka, mwayiwo umakwera, motero ngalande ndi milatho zimene zinayezedwa ndi manambala a zaka 50 zapitazo ziyenera kuunikidwanso. Vuto n'lakuti chigumula chachikulu kawirikawiri chimamiza kapena kukokolola thabwa lomwe likanachiyeza. Chotero madzi akangophwera, pitani msanga mvula ina isanafute zizindikiro, mufune mzere wa matope pamakoma ndi udzu wokodwa m'nthambi za mitengo, mupake penti pamlingo wapamwamba kwambiri m'malo atatu kapena anayi motsata gombe, mulembepo tsiku, ndipo muyeze kutalika kwa chizindikiro chilichonse kuchokera pa msomali uja wa pathanthwe.